Ziboliboli za Buddha za m'matanthwe zili ndi mbiri, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo za chithunzi chimene chimazungulira kawirikawiri pa WhatsApp ndi pa Facebook, choonetsa chimunthu chamwala chitakhala tsonga m'phiri, mapazi ali m'mphepete mwa mtsinje, anthu ali m'munsi mwake ngati nyerere. Ena akachiona amangoti ndi fano basi, ena amati manja a munthu sangapange zotere, enanso amati n'chongojambula pa kompyuta. Chinthucho chilipodi. Chili ku Leshan, m'chigawo cha Sichuan ku China, ndipo ndi chimodzi mwa ziboliboli zankhaninkhani zimene Abuda anasema m'matanthwe kuyambira ku India mpaka ku China. Sitikulemba kuti tikope munthu alowe Chibuda ayi. Tikulemba chifukwa ntchito imene anthu anaikhetsera thukuta zaka 90 iyenera kutchulidwa ndi dzina lake, chaka chake ndi cholinga chake, komanso chifukwa chimene chasunga kapena kuwononga ziboliboli zimenezi chikutikhudza ngakhale kwathu kuno.

Siddhartha Gautama, amene anadzatchedwa Buddha, kutanthauza wogalamuka, anakhalako zaka 400 kapena 500 Yesu asanabadwe, kumpoto kwa India ndi dera limene lero ndi Nepal. Atamwalira panapita zaka mazana angapo omutsatira asanayambe kumusema ngati munthu. Pa zipata zamwala za ku Sanchi, ku India, pamene payenera kukhala iye pamangooneka mapazi, kapena mpando wopanda munthu patsinde pa mtengo, kapena gudumu loimira chiphunzitso chake. Nkhope yake inayamba kusemedwa cha m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, ku Mathura ndi ku Gandhara, dera limene lero lili ku Pakistan ndi Afghanistan. Koma kugoba mapanga kunali kutayamba kale. Amonke ankayendayenda chaka chonse, koma m'miyezi itatu ya dzinja ankayenera kukhala pamodzi malo amodzi, ndipo phanga siliola, silidyedwa ndi chiswe, silipsa. Ku Bhaja ndi ku Karla, kumadzulo kwa India, mapanga akalewo anawasema motsanzira nyumba zamitengo, mpaka denga lake limaoneka ngati lili ndi phaso. Kuchoka kumeneko luso limeneli linatsata njira za amalonda, kudutsa Afghanistan ndi zipululu za pakati pa Asia, mpaka kukafika ku China.

Kasemedwe kake kamadziwika chifukwa mapanga ena anasiyidwa osatha. Ku Ajanta, kumene kuli mapanga pafupifupi 30 m'mbali mwa mtsinje wa Waghora, phanga la nambala 24 likuonetsa ntchito yonse ili pakatikati. Amisiri ankayamba asalaza thanthwe kuti liime chilili ngati khoma. Kenaka ankaboola chakumwamba n'kulowa mkati, n'kumaliziratu denga ataima pamwala umene sunachotsedwe. Motero sankafuna nsanja zazitali, chifukwa pamene akupondapo ndi pomwe pankatsika tsiku ndi tsiku. Pochotsa mwala wapansiwo ankakumba tingalande tatitali tondondozana, n'kusiya mwala pakati ngati mizere ya m'munda, kenaka n'kuthyola mizereyo. Pamene padzakhale nsanamira kapena chiboliboli ankapalambalala, n'kusiya chibuma chamwala choti adzachiseme pambuyo pake. Zida zake zinali nyundo ndi tchizulo chachitsulo, chosongoka chogumulira ndi chaphwatalala chosalazira. Ku Yungang, ku China, zenera limene limaoneka pamwamba pa khomo la mapanga aakulu ndi pamene amisiri ankalowera poyamba ndi kutulutsira miyala, ndipo ntchito itatha linasanduka lolowetsera kuwala pankhope pa Buddha. Womanga ndi njerwa akalakwitsa amagumula n'kuyambiranso. Wosema thanthwe akachotsa mwala saubwezanso, ndipo akakumana ndi mng'alu wobisika mkati amayenera kusintha mapulani kapena kulisiya phangalo.

Mtundu wa mwala ndi umene unkalamula zonse. Mwala wa ku Yungang ndi wamchenga, wofewa, wosavuta kugoba, choncho ziboliboli zake ndi zikuluzikulu, za mapewa otambalala, koma zimayoyoka msanga. Wa ku Longmen, ku China komweko, ndi walaimu, wolimba ndi wosalala, ndipo umalola kusema zikope, zala ndi zilembo zing'onozing'ono. Wa ku Bamiyan, ku Afghanistan, ndi miyala yobulungira yomatana ndi mchenga ndi dothi, yosatheka kuisalaza, choncho kumeneko ankangosema thupi mwachisawawa n'kulimata dongo losakaniza ndi udzu. Kuti apange makwinya a mkanjo pa chiboliboli chachikulu, anakhoma zikhomo zamtengo m'mizere, n'kumanga zingwe kuchoka pa chikhomo kufika pa chinzake, n'kumata dongo pamwamba pa zingwezo. Ku Mogao, pafupi ndi Dunhuang ku China, mwala ndi wosagwirana kwambiri moti ziboliboli zambiri ndi zadongo loumbidwa pa mafupa a mitengo ndi bango. Ku Gal Vihara, ku Polonnaruwa m'dziko la Sri Lanka, amisiri a m'nthawi ya mfumu Parakramabahu yoyamba, m'zaka za m'ma 1100, anasema mwala wolimba wa granite, ndipo Buddha wogona wotalika mamita 14 adakali wosalala mpaka lero. Chinanso choti tidziwe n'chakuti ziboliboli zimenezi sizinali zotuwa ngati momwe tikuzionera. Zinkapakidwa utoto wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, zina golide. Mu 2022, pokonza chiboliboli chachikulu cha ku Longmen, akatswiri anapeza zizindikiro za golide ndi siliva pankhope pake.

Nanga ankazisemeranji? Yungang ikuyankha mbali imodzi. Mu 446 mfumu Taiwu ya ufumu wa Northern Wei inalamula kuti Chibuda chithetsedwe. Akachisi anawotchedwa, ziboliboli zinaphwanyidwa, amonke ena anaphedwa. Mdzukulu wake, mfumu Wencheng, atalowa ufumu mu 452 anabwezeretsa chipembedzocho, ndipo cha mu 460 mmonke wamkulu Tanyao analoledwa kugoba mapanga asanu pafupi ndi likulu la ufumuwo, pamene lero pali mzinda wa Datong. Anthu amene anaona ndi maso akachisi awo akusanduka phulusa anasankha thanthwe, chinthu chimene moto sungachithe. Koma munalinso ndale. Akatswiri ambiri amaona kuti ziboliboli zisanu zikuluzikuluzo zikuimira mafumu asanu a ufumuwo, kotero kuti wogwadira Buddha ankagwadiranso mfumu, ndipo mfumu yofuna kuphwanya chiboliboli ikanakhala ikuphwanya makolo ake. Pa Yungang lero pali mapanga ndi timapanga 252 ndi ziboliboli zoposa 51,000.

Mbali inayo ikuoneka ku Longmen, pafupi ndi Luoyang, kumene mfumu Xiaowen inasamutsira likulu cha mu 493. M'mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Yi muli mapanga ndi timapanga toposa 2,300, ziboliboli pafupifupi 100,000, ndi zolembedwa pamwala pafupifupi 2,800. Zolembedwazi ndi zimene ife timaziona kuti n'zamtengo wapatali kuposa ziboliboli zenizenizo, chifukwa zimatchula amene analipira, chaka, ndi chifukwa chake. M'phanga la Guyang muli kachipinda kosemedwa mu 495 ndi mayi wina wa banja lachifumu, wa mtundu wa Yuchi, chifukwa cha mwana wake wamwamuna Niujue amene anamwalira. Mawu amene anazokotetsa pambali pake akupempha kuti mwanayo amasuke ku masautso n'kukabadwira pabwino. Abuda amakhulupirira kuti ntchito yabwino imabala phindu limene munthu angathe kulipereka kwa wina, wamoyo kapena wakufa. Amene anamangirapo chiliza kholo lake kapena mwana wake saona chachilendo mumtima wa mayi ameneyu. Pafupi pomwepo pali mapanga amene analipiridwa ndi mabungwe a amalonda a pamsika wa Luoyang, ogulitsa silika ndi ogulitsa zofukiza, ndipo maina a atsogoleri awo analembedwa. Palinso timapanga ta masisitere achibuda, ta asilikali, ta magulu a anthu wamba amene anasonkherana ndalama. Phanga lina lili ndi malangizo a mankhwala a matenda osiyanasiyana oposa 100 ozokotedwa pakhomo, kuti wodutsa aliyense awerenge.

Mafumu nawo sanatsalire. Mbiri ya ufumu wa Wei inalemba kuti ntchito ya mapanga a Binyang, pa Longmen pomwepo, kuyambira mu 500 mpaka 523, inadya masiku a ntchito 802,366, kuwerengera munthu mmodzi tsiku limodzi. Chiboliboli chachikulu kwambiri pa Longmen, cha Buddha wotchedwa Vairocana pa kachisi wa Fengxian, n'chotalika mamita 17, mutu wokha mamita 4. Chinamalizidwa mu 675, ndipo zolembedwa za pamalopo zimati mu 672 mfumukazi Wu Zetian inaperekapo ndalama za mkuwa zotungidwa pa zingwe zokwana 20,000 kuchokera pa ndalama zake zogulira zodzoladzola.

Munthu wodziwa amatha kuchiwerenga chiboliboli ngati kalata. Makutu aatali ndi chikumbutso chakuti Siddhartha anali mwana wa mfumu wovala ndolo zolemera, ndipo anazivula n'kusiya chuma. Chotupa cha pamutu chikuimira nzeru zoposa. Dzanja lamanja likaloza pansi n'kukhudza nthaka, ndi nthawi imene anagalamuka, akuitana dziko kuti limuchitire umboni. Manja onse akakhala pamiyendo, lina pamwamba pa linzake, akusinkhasinkha. Chikhatho chikakwezedwa kuyang'ana kwa inu, akuti musaope. Akagonera kumanja, mutu atatsamira, ndi tsiku la imfa yake. Maluwa a m'madzi amene amakhalapo amamera m'matope koma amatuluka oyera. M'mapanga ambiri muli nsanamira yaikulu pakati, yoti opembedza aziizungulira dzanja lamanja lili chakunsanamirako. Ndipo m'mayiko ambiri achibuda chiboliboli sichiyesedwa chopatulika mpaka pa mwambo wojambula maso, umene umachitika pomalizira penipeni.

Tsopano tibwerere ku Leshan, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhani ya madzi ikuonekera bwino. Patsinde pa phiri la Lingyun pamakumana mitsinje itatu, Min, Dadu ndi Qingyi, ndipo madzi a pamenepo ankagubuduza mabwato. Mu 713 mmonke Haitong anayamba kusema Maitreya, Buddha amene Abuda amakhulupirira kuti adzabwera m'tsogolo, kuti ayang'anire apaulendo a pamadzi. Mbiri imati mkulu wina wa boma atafuna kulanda ndalama zimene anthu anasonkha, Haitong anati ndi bwino apereke diso lake kusiyana ndi ndalamazo, ndipo analikolowoladi. Anamwalira ntchito isanathe. Inaima, n'kudzapitirizidwa ndi bwanamkubwa wina wa deralo mothandizidwa ndi ndalama za msonkho, n'kuimanso, mpaka bwanamkubwa Wei Gao anaimaliza mu 803. Anthu a kumeneko amati miyala yonse imene inagumulidwa n'kutayidwa mumtsinje inakwirira maenje a pansi pa madzi n'kuchepetsa ukali wa mafunde. Chiboliboli chonse n'chotalika mamita 71, kuposa pang'ono m'lifupi mwa bwalo la mpira. Mutu ndi wa mamita oposa 14, khutu limodzi pafupifupi mamita 7.

Mwala wa Leshan ndi wamchenga wofiira, wofewa, ndipo Sichuan ndi dera lamvula ndi nkhungu. Chiboliboli choterechi chikanayenera kusungunuka kalekale. Chimene chachisunga sichioneka pa chithunzi. Tsitsi la pamutu ndi timfundo toposa 1,000, tosemedwa patokhapatokha n'kulowetsedwa m'mutu, ndipo pa mzere wa 4, wa 9 ndi wa 18 wa timfundoto pali ngalande zopingasa zimene zimakhalira madzi a mvula n'kuwapatutsira kumbali kuti asatsikire kumaso. M'khosi la mkanjo ndi m'makwinya ake mulinso ngalande, zobisika bwino moti wodutsa amangoona ngati nsalu yapindika. Kuseri kwa makutu kuli mphako yobooleza kuchoka kumanja kufika kumanzere, ndipo kuseri kwa chifuwa kuli mphako zina ziwiri. Ntchito yake ndi ina. Chiboliboli n'cholumikizana ndi phiri kumsana, choncho madzi amene alowa m'nthaka pamwamba pa phiri amayenda m'kati mwa mwala n'kudzatulukira m'thupi mwake. Mphakozo zimadula njira ya madziwo ndipo zimalowetsa mpweya woumitsa mwala. Makutu ndi mphuno si mwala, ndi mitengo yomatidwa, chifukwa mwala wofewa wolendewera chotero ukanathyoka. Pamwamba pa mwala amamata pulasitala wachikale wa laimu, phulusa la makala ndi ulusi wodulidwa tizidutswa, zosinjidwa pamodzi mpaka kunanda. Pulasitala ameneyu ndiye amalandira mvula ndi dzuwa, ndipo akatha amamuchotsa n'kumata wina. Poyamba panalinso chinyumba chamitengo chansanjika chofunditsa chiboliboli chonse. Chinawonongeka zaka mazana ambiri zapitazo, koma mabowo a mitanda yake akuonekabe m'thanthwe mbali zonse ziwiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani, Akonzi. Anthu amati chinthu chamwala n'chamuyaya, koma mwala umadwala, ndipo matenda ake ambiri amabwera ndi madzi. Madzi oyenda m'kati mwa thanthwe amasungunula mchere umene uli m'mwala ndi m'nthaka. Akafika kunja amauma, mchere n'kutsala m'timibowo ta mwala. Mcherewo umakula timibulu, timibuluto n'kukankha mchenga wa mwala mpaka khungu lake kufufuma n'kuyoyoka. Aliyense amene anaonapo khoma la njerwa lonyowa m'munsi, pulasitala atatupa, pali zoyera ngati ufa, waona matenda omwewa. Kumalo ozizira ngati Datong madzi olowa m'ming'alu amaundana usiku, ndipo madzi akaundana amatupa, mng'alu n'kukula chaka ndi chaka. M'mwala walaimu wa ku Longmen madzi amasungunula mwala weniweniwo, n'kukuza ming'alu, n'kusiya zoyera zokhakhala pankhope za ziboliboli. Pamene panyowa pamamera ndere ndi nkhungu zodetsa mwala, kenaka udzu ndi zitsamba zimene mizu yake imang'amba. Ku Leshan pulasitala wa pachifuwa anafufuma n'kung'ambika chifukwa cha madzi ochokera kumsana, ndipo kuyambira mu Okutobala 2018 mpaka Epulo 2019 chiboliboli chinali m'kati mwa nsanja akuchikonza. Mu Ogasiti 2020 mtsinje unasefukira mpaka kunyowetsa zala za kumapazi, koyamba chichokere 1949, anthu n'kumathamanga ndi matumba a mchenga.

Utsi umawonjezera pa vutoli. Datong ndi mzinda wa malasha, ndipo kwa zaka zambiri msewu waukulu wa malole onyamula malasha unkadutsa pafupi ndi mapanga a Yungang. Fumbi lakuda linakuta ziboliboli, ndipo likakumana ndi chinyezi limapanga chikhungwa cholimba chimene pogwa chimatenga mwala wapansi pake. Mankhwala ake sanali kupukuta ayi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linapatutsa msewuwo kuti udutse kutali.

Kukonza kolakwika nako kumapha. Pa ziboliboli zambiri za ku Yungang mumaona timabowo tondondozana ngati nthomba. Okonza a zaka mazana apitawa, ndi mtima wabwino, anaboola mwala n'kukhomamo zikhomo zoti zigwire dongo latsopano. Dongo linagwa, zikhomo zinaola, mabowo n'kutsala akumwa madzi. Simenti ndi yoopsa koposa pamwala wofewa. Ndi yolimba kuposa mwalawo, silola chinyezi kutuluka, ndiponso imabwera ndi mchere wakewake, choncho madzi amatsekeredwa kuseri kwake n'kudya mwala mobisa mpaka chigamba chonse kugwa ndi nkhope yomwe. Chitsulo wamba chokhomedwa m'mwala chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, mwala n'kusweka. N'chifukwa chake akatswiri a masiku ano sayamba ndi kukhudza chiboliboli. Amayamba akwera pamwamba pa phiri kukaona kumene madzi akulowera, n'kukumba ngalande zowapatutsa, n'kutseka ming'alu ya kumtunda. Kenaka amamangirira zibuma zofuna kugwa ndi zitsulo zazitali zosachita dzimbiri zolowa mpaka m'mwala wabwino. Mchere amauyamwa pomata phala la mapepala lonyowetsedwa ndi madzi opanda mchere, n'kulisiya liume, n'kulimatula, kubwerezabwereza mpaka mcherewo utachepa. Chomata chilichonse chatsopano chiyenera kukhala chofewa kuposa mwala, kuti chikamatha chizitha icho, mwala n'kutsala.

Ku Dazu, pafupi ndi mzinda wa Chongqing ku China, kuli chitsanzo cha kuleza mtima kumene ntchitoyi imafuna. Pa phiri la Baodingshan mmonke Zhao Zhifeng anatsogolera ntchito yosema kwa zaka pafupifupi 70, kuyambira cha m'ma 1170. Zosema zake zinali zophunzitsa anthu osadziwa kuwerenga, ndipo zili ndi moyo wa kumudzi. Pali mayi akuyamwitsa, mayi wina akugona ponyowa pamene mwana wakodzera kuti mwanayo agone pouma, mayi akutsegulira nkhuku, mbusa akulimbana ndi njati yoweta yosamva mpaka kuizoloweza, kufanizira mtima wa munthu. Amisiri a kumeneko madzi anawasandutsa gawo la chithunzi. M'phanga la Yuanjue madzi odontha kudenga amatsata kangalande kobisika m'thupi la chinjoka chosema, n'kutuluka kukamwa kwake, n'kugwera m'mbale imene yanyamulidwa ndi mmonke wamwala, kuchoka apo n'kutuluka panja mobisika. Pamalo pomwepo pali Guanyin, amene Abuda amamulemekeza ngati mwini chifundo, wa manja ambirimbiri, wotalika mamita 7.7 ndi wotambalala mamita 12.5, wokutidwa ndi golide. Chinyezi chinafewetsa zala zake ndi kumatula golideyo, ndipo kumukonza kunatenga kuyambira 2008 mpaka 2015, dzanja limodzi ndi limodzi. Anthu ankati manjawo ndi 1,007. Okonza atawerenga bwino anapeza 830.

Chimene madzi amachita pa zaka 1,000 munthu amachita pa sabata. Mukayenda pa Longmen mudzaona ziboliboli zambiri zopanda mitu. Zina zinawonongeka pa nkhondo ndi pa mazunzo, koma zambiri zinadulidwa koyambirira kwa zaka za m'ma 1900 kuti zikagulitsidwe kunja. M'zaka za m'ma 1930 zithunzi ziwiri zikuluzikulu za m'phanga lapakati la Binyang, china cha mfumu ndi anthu ake, china cha mfumukazi, zinagumulidwa zidutswazidutswa kudzera mwa wamalonda wa ku Beijing dzina lake Yue Bin. Cha mfumu chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York, cha mfumukazi ku Nelson-Atkins Museum of Art ku Kansas City, ndipo pakhoma la phangalo patsala zipsera za tchizulo. Ku mapanga a Tianlongshan, ku China komweko, mitu pafupifupi yonse inadulidwa m'zaka za m'ma 1920. Umodzi unabwezedwa kuchokera ku Japan mu 2020.

Za ku Bamiyan ambiri akuzikumbukira. Ziboliboli ziwiri zoimirira, china cha mamita 55 china cha mamita 38, zinasemedwa m'zaka za m'ma 500 ndi koyambirira kwa 600, ndipo mmonke wa ku China Xuanzang, amene anadutsa kumeneko cha mu 630, analemba kuti chachikulucho chinkanyezimira golide. M'Malichi 2001 a Taliban anaziphulitsa molamulidwa ndi mtsogoleri wawo Mullah Omar. Mizinga inalephera, mpaka anachita kutsitsa anthu pa zingwe kuti akaike mabomba m'mabowo. Tinene motsindika kuti Asilamu a m'chigwa chimenecho anakhala ndi ziboliboli zimenezi zaka mazanamazana, n'kuzipatsa maina akwawo, Salsal ndi Shahmama, ndiponso kuti mayiko ndi akuluakulu ambiri achisilamu anawadandaulira a Taliban kuti asachite zimenezi. Kuphulikako kunang'ambanso thanthwe lenilenilo, moti ntchito yoyamba UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, italemba malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2003 inali yomangirira mphako zopanda kanthuzo kuti nazo zisagwe, ndi kufunditsa zidutswa zotsala kuti chipale ndi mvula zisazisungunule.

Kwathu kuno tilibe ziboliboli zotere, koma tili ndi Chongoni. Mu 2006 UNESCO inaika malo 127 a zojambula za pamiyala a m'mapiri a ku Dedza pa mndandanda womwewo umene pali Leshan, Longmen, Yungang ndi Dazu. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Izi n'zojambula, si zosema, ndipo n'zosalimba kuposa chilichonse chimene tatchula, chifukwa zoyerazo ndi dothi longopaka pamwala. Adani ake ndi omwewo. Mitengo ya pamwamba pa thanthwe ikadulidwa, madzi a mvula amasintha njira n'kuyenderera pa chojambula. Moto wa lupsa kapena wosonkha m'phanga umasiya mwaye ndipo kutentha kumasuwa khungu la mwala. Kuthira madzi pa chojambula kuti chioneke bwino pa foni kumasungunula utoto ndi kukoka mchere. Kukhudza ndi dzanja kumasiya mafuta amene amagwira fumbi. Wolemba dzina lake ndi makala kapena choko wawononga, ndipo wofuna kufufuta dzinalo ndi sopo kapena bulashi amawononga kawiri. Wopeza zoterezi asachite kanthu yekha, akauze a mfumu a deralo ndi akuluakulu a boma oona za zinthu zakale.

Pempho lathu kwa inu, Akonzi, n'lakuti mukamatulutsa chithunzi cha malo ngati amenewa, akunja kapena akwathu, muzilemba pansi pake dzina la malo, dziko, zaka zimene anapangidwa ndi amene anawapanga. Tikupemphanso kuti mutumize mtolankhani ndi wojambula ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi mvula ikamagwa, osati m'chilimwe, kuti akaone ndi kutionetsa pamene madzi akuyenderera.

Ndife anu,
Okonda mbiri ndi zinthu zakale,
Zomba